Mabuku a ana onena za nyama zokondana, m'Chichewa tingawapeze kuti?

Mayi_waChirimba:
Anzanga ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 6, wayamba Sitandade 1 chaka chino. Azakhali ake anamubweretsera kabuku ka zithunzi kuchokera ku Joni, ka Chingerezi, konena za chimbalangondo ndi kanyama kena kooneka ngati khoswe, zomwe zinali pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo. Mwanayu wakakonda kabukuka moti masamba ayamba kuthothoka, amagona nako. Koma ine ndimachita kumumasulira tsamba lililonse, ndipo dzulo wandifunsa kuti chimbalangondocho chimakhala ku Michiru kapena kuphiri la Ndirande. Nditamuuza kuti kuno kulibe nyama imeneyo, nkhope yake inagwa. Loweruka ndinalowa m'masitolo atatu a mabuku m'tauni muno. A Chichewa omwe ndinapeza ndi a mayeso ndi a tchalitchi basi. Kodi kulibe timabuku ta zithunzi ta m'chinenero chathu, ta nyama zomwe mwana akuzidziwa, tonena za kukondana ndi kuthandizana? Amene mukudziwa mundilozere.

Bambo_Area25:
Vutoli si lanu nokha mayi. Yesani ku laibulale ya National Library Service, ku Blantyre komweko ilipo ndipo ili ndi mbali ya ana. Ambiri ndi a Chingerezi ochokera kunja, koma mukafunsa ogwira ntchito amakutulutsirani a Chichewa ochepa omwe alipo. Wanga ndimapita naye Loweruka m'mawa, amasankha yekha.

Gogo_waLinthipe:
Mwana wanga, buku lachiyani pamene nthano zili m'kamwa mwanu? Ife madzulo tikatha kudya agogo ankangoti "Padangotero," ife tonse "Tili tonse!" Kalulu analipo, Fisi analipo, Kamba, Njovu, Nkhwazi. Zinkayankhula, zinkaimba, ife n'kumavomera nyimbo. Zimitsani kanema, mukhazikeni pamphasa, muuzeni.

Mayi_waChirimba:
Gogo, ndimamuuza ndithu zomwe ndikukumbuka. Koma ndikufunanso kuti maso ake azolowere zilembo, azitha kuloza mawu ndi chala. Chinanso, nthano zambiri zomwe ndikuzidziwa ndi zopusitsana. Ndikayamba ya anzake awiri, pofika pakati wina wamudyera mnzake chakudya.

Mlonda_wausiku:
Apo mwanena zoona mayi. Ine Kalulu sindimufuna pafupi ndi ana anga. Taganizani. Nyama zonse zikukumba chitsime nthawi ya chilala, iye akukana, kenako akubwera usiku kudzaba madzi, alonda akuwanyenga ndi uchi n'kuwamanga. Njovu ndi Mvuu anazikokanitsa chingwe, iye atabisala patchire. Fisi anamunamiza mpaka kutaya mayi ake nthawi ya njala. Ndiye mwana wa zaka 6 aziombera m'manja zimenezo? Akakula timadabwa akamayesa kuti kuchenjera ndi kudyera anzako masuku pamutu.

Gogo_waLinthipe:
Achimwene, munagona nthano isanathe. Anamugwira Kalulu pachitsime paja ndani? Si Kamba, amene onse ankamunyoza kuti ndi wochedwa? Ana ankaseka Kalulu, koma pomaliza ankadziwa kuti wakuba amagwidwa.

Mlonda_wausiku:
Amagwidwa n'kuthawanso gogo. Ndi pomwe pamandivuta pamenepo.

Aphunzitsi_Std1:
Ndilowererepo monga munthu amene ndimakhala ndi ana a msinkhu umenewu tsiku ndi tsiku. Nonse muli ndi mbali yoona.

Nthano za makolo zambiri zonena za ubwenzi zimafotokoza mmene ubwenzi unathera. Nkhuku ndi Kabawi anali pa chinzake, Nkhuku anabwereka singano n'kuitaya, mpaka lero akupalasa pansi kuifunafuna ndipo Kabawi akumutengera anapiye. Pusi ndi Ng'ona ankagawana zipatso, kenako Ng'ona anafuna mtima wa mnzake. Akuluakulu ankaphunzitsa ubwenzi poonetsa chimene chimauwononga: kusabweza chobwereka, dyera, bodza. Kwa mwana wa Sitandade 4 zimenezi ndi zabwino kwambiri, amatha kukambirana kuti analakwa ndani. Koma wa zaka 5 kapena 6 amene wangolowa m'kalasi la ana oposa 100, sakudziwa aliyense, akulimbirana malo okhala pansi, akufunikanso nkhani yoonetsa mmene ubwenzi umayambira ndi mmene anthu amapepesana akayambana. Zoterezi ndi zomwe zikusowa.

Chachiwiri ndi kawerengedwe. Kuyambira 2016 tikuphunzitsa ndi pulogalamu ya National Reading Programme, ndipo mabuku ake anakonzedwa kudzera ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Mwana amayamba ndi maliwu a malembo, n'kubwera pa maphatikizo monga ma, me, mi, mo, mu. Choncho si nyama iliyonse imene angaiwerenge msanga. Galu, fisi, pusi, kalulu, gologolo amaziwerenga mosavuta. Koma nkhwazi, mphaka, nkhandwe ndi phiri kwa iye, chifukwa malembo atatu kapena anayi aunjikana pamodzi. Olemba timabuku ta ana ambiri salabadira zimenezi. Amatenga nkhani ya Chingerezi n'kuimasulira liwu ndi liwu, mzere umodzi n'kukhala ndi mawu 20. Mwana amatopa asanamalize tsamba loyamba.

Kabuku kabwino ka msinkhu umenewu kakhale ndi mzere umodzi kapena iwiri pa tsamba, zilembo zikuluzikulu, chithunzi chachikulu, ndi mawu obwerezabwereza oti mwana aziwalosera. Makolo athu ankazidziwa zimenezi, ndi chifukwa chake nthano iliyonse inali ndi kanyimbo kobwerabwera.

Mayi_waChirimba:
Aphunzitsi zikomo kwambiri. Nanga kusukulu kwanu mabuku owerenga pofuna kusangalala alipo?

Aphunzitsi_Std1:
Alipo ochepa omwe tinalandira ngati thandizo, koma nthawi zambiri amakhala otsekeredwa m'kabati kuopa kuti ana ang'amba kapena asowetsa. Chaka chatha titatsegula tinapeza chiswe chadya katoni yathunthu. Zinandipweteka mtima. Buku long'ambika ndi manja a ana lagwira ntchito yake, koma limene ladyedwa ndi chiswe palibe amene walipindulira.

Mjoni_waTembisa:
Ife kuno ndi zomvetsa chisoni zedi. Ana anga amayankhula Chingerezi ndi Chizulu, Chichewa amangomva. Chomwe chandithandiza ndi African Storybook, ya bungwe la Saide la kuno ku South Africa. Mabuku ake ndi aulere pa intaneti, m'zinenero zambiri za mu Africa, ndipo Chichewa ndi Chinyanja zilimo. Mumasankha chinenero ndi msinkhu wa owerenga, mumakopera mu foni, ndipo amalola kusindikiza ngakhale kumasulira nokha. Nkhani za nyama zilimo zambiri. Palinso Book Dash, kumene wolemba, wojambula ndi wokonza masamba amadzipereka n'kupanga buku lathunthu m'maola 12 tsiku limodzi, kenako aliyense amaloledwa kulisindikiza.

Nachisale_265:
Za pa foni ndi zabwino kwa inu a ku Joni. Kuno bandulo, magetsi, komanso foni ndi imodzi nyumba yonse. Ndiponso mwana ukamupatsa foni sachedwa kutuluka m'buku n'kulowa m'magemu.

Mjoni_waTembisa:
Achemwali, mumakopera kamodzi kokha. Mukatero pitani pomwe amasindikiza mapepala, akutulutsireni pa A4 mbali zonse ziwiri, mupinde pakati, mumenye sitepula. Za mitundu zimadula, koma zakuda ndi zoyera mwana amapaka yekha ndi makrayoni, ndiye kabukuko kamasanduka kakekake.

Nachisale_265:
Apo ndamva. Ndiyesa.

Mbadwa_yaNsanje:
Ine ndili ndi dandaulo lina, ndipo ndikupempha mundimvetse. Mwana wa mlongo wanga anapatsidwa kabuku kusukulu ya mkaka komwe ng'ona ikumwetulira, yabereka kamnyamata kumsana kukawolotsa mtsinje. Kwa mwana wa ku London amene ng'ona adzaionera pa kanema, palibe vuto. Ife timatunga madzi mu Shire. Amayi amachapa m'mphepete mwa mtsinje ana akusewera pomwepo. Mudzi wathu unaikapo maliro a mwana wogwidwa ndi ng'ona, ndipo mvuu zimagubuduza mabwato a asodzi. Kabuku kaja ndinakatenga n'kukabisa. Olemba mabuku a ana aziganizira kuti bukulo lidzawerengedwa kuti.

Bambo_Area25:
Koma ana amadziwa kusiyanitsa nthano ndi zenizeni. Palibe mwana amene anakayankhulapo ndi fisi chifukwa cha nthano.

Mbadwa_yaNsanje:
Wa zaka 10 amadziwa. Wa zaka 4 sadziwa. Ndipo m'nthano zathu Ng'ona sinali yabwino, makolo ankaijambula monga momwe ilili. Nyama ziyanjane zokhazokha m'buku, ine ndilibe nazo mawu. Koma mwana wa munthu kukumbatira ng'ona, ayi.

Mlimi_waKasungu:
Ndikugwirizana ndi achimwene a ku Nsanje. Mu 2022 anasamutsa njovu 263 kuchoka ku Liwonde kubwera nazo ku Kasungu National Park. Ife okhala m'malire mwa nkhalangoyi tikudziwa tanthauzo la kumva phokoso m'munda usiku chimanga chitakhwima. Anthu ena ataya miyoyo. Ndiye mwana wanga akabwera ndi buku la njovu yovala chipewa ikugawa maswiti, ndimasowa chonena. Komabe sindifuna kuti akule ndi chidani pa njovu. Ndikanakonda buku loonetsa njovu zikuthandizana zokhazokha, momwe zazikazi zimazungulira kamwana kakagwa m'matope mpaka kukatulutsa, ndipo pomwepo lionetse kuti munthu amaziyang'anira patali.

Namwino_waQueens:
Ndiwonjezere za galu. M'mabuku ochokera kunja galu amagona pabedi, mwana amamupsompsona. Kuno agalu ambiri ndi oyendayenda ndipo chiwewe chilipo, chimapha ana. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera kuyambira 2015, ndipo amaphunzitsanso ana m'masukulu. Buku la mwana ndi galu wake likhoza kukhala lokoma kwambiri kuno, chifukwa anyamata athu amakondana zedi ndi agalu awo, kubusa ndi kosaka mbewa amapitira limodzi. Lingokhala ndi tsamba limodzi loti mnyamatayo akupita ndi galu wake kukabayitsa, ndi loti galu wachilendo sitimugwira. Mwana akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Mlonda_wausiku:
Nanga kadzidzi? M'mabuku a azungu kadzidzi ndiye mphunzitsi wanzeru wovala magalasi. Apongozi anga ataona chithunzi chake m'buku la mdzukulu wawo anati litulutsidwe m'nyumba.

Nachisale_265:
Kwathu akalira padenga anthu sagona.

Mlimi_waKasungu:
Koma kadzidzi amatithandiza alimi, amagwira makoswe omwe amatha chimanga m'nkhokwe. Ana amamugenda chifukwa cha mantha omwe timawapatsa ife akuluakulu. Ameneyo ndiye ndingakonde atalembedwa bwino m'buku, mbalame imene aliyense amaithamangitsa mpaka wina atazindikira ntchito yake.

Gogo_waLinthipe:
Za kadzidzi tisiyeni ife achikulire ndi chikhulupiriro chathu. Bwererani kwa mwana wa ku Chirimba uja, sanathandizidwebe.

WakuChipata:
Moni a kwathu. Kuno ku Zambia timabuku ta Cinyanja tilipo, ndipo ana a ku Mchinji ndi a ku Chipata amamvana bwinobwino. Chenjezo langa kwa mayi ndi kalembedwe. Ife timalemba "c" pomwe inu mumalemba "ch", monga cakudya, cinthu, kucita. Mukakopera buku la Cinyanja pa intaneti, mwana wongoyamba kumene akhoza kusokonezeka chifukwa kusukulu akuphunzira zina. Konzani kaye musanasindikize, kapena sankhani lolembedwa kuti Chichewa.

Aphunzitsi_Std1:
Mwatikumbutsa chinthu chofunika. Ndipo ngakhale la Chichewa, liwerengeni mokweza nokha kaye. Mukamva kuti lilime likukodwa, dziwani kuti anamasulira mosaganizira mwana. Chichewa cha nthano chili ndi mawu ake omwe mabuku omasuliridwa alibe. Chule analumphira m'madzi, chubwi! Kunja kunali zii. Kalulu anangoti balamanthu. Fisi anangoti kakasi. Ana akamva mawu amenewa amadzuka, amawabwereza, amaseka. Mukapeza buku louma, onjezerani nokha ndi cholembera.

Mfuzi_waNjuchi:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma pali ubwenzi wina weniweni womwe sindinauonepo m'buku la ana la Chichewa, pamene uli pakhomo pathu pomwe. Ndi wa mbalame ya nsadzu ndi munthu. Mbalameyi imadziwa pomwe pali njuchi koma singathe kutsegula mphako. Munthu ali ndi nkhwangwa ndi utsi koma sadziwa pomwe pali njuchi. Ndiye imabwera n'kumalira pafupi nawe, ikuuluka mtengo ndi mtengo, iwe ukuitsatira, mpaka pamtengo wa uchi. Ukafula umaisiyira zisa, chifukwa iyo imadya phula ndi ana a njuchi. Bambo anga ankati ukaimana, tsiku lina idzakutsogolera kwa njoka. Ayao a ku Niassa ku Mozambique ali ndi kaitanidwe kawo, amati "brrr-hm", ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti mbalamezi zimabwera kwambiri zikamva kuitana kumeneku kusiyana ndi phokoso lina. Mbalame yakutchire, yosawetedwa, kumvana ndi munthu. Pali chiyani choposa apa choti mwana aphunzirepo kugawana?

Mbadwa_yaNsanje:
Imeneyo ndiye ndingamugulire mwana ndi mtima wonse.

Mjoni_waTembisa:
Yandikumbutsa za ku Kenya. Mu Disembala 2004, nthawi ya tsunami (mafunde aakulu a m'nyanja obwera chifukwa cha chivomerezi), kamwana ka mvuu kanasiyana ndi gulu lake kufupi ndi Malindi. Anakapulumutsa n'kukapititsa ku Haller Park ku Mombasa, komwe kanakakamira kamba wamkulu wa zaka zoposa 100. Ankadyera pamodzi, kugona pamodzi. Mvuuyo anaitcha Owen, kambayo Mzee. Nkhani yeniyeni imeneyi inafika kwa ana a m'mayiko ambiri chifukwa panapezeka anthu oilemba. Ife zathu zimathera m'kamwa.

Gogo_waLinthipe:
Kakowa ndi ng'ombe bwanji? Mwana aliyense wa kumudzi amaziona kudambo. Ng'ombe ikuyenda, ziwala zikuuluka, kakowa akutola pambuyo. Simukusowa kupita ku Kenya.

Bambo_Area25:
Funso langa ndi lakuti, olemba athu ali kuti? Tili ndi Malawi Writers Union, tili ndi osindikiza mabuku ku Blantyre, ku Balaka, ku Zomba. Ndikudziwanso kuti a National Library Service mogwirizana ndi a UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, anayenda m'maboma kujambula nthano kwa akuluakulu kuti zisatayike. Chuma chilipo. Chikulephereka n'chiyani kuti chisanduke timabuku ta zithunzi?

Wojambula_waZingwangwa:
Ndiyankhe ngati munthu wojambula. Buku la ana ndi lodula kupanga kuposa la akuluakulu. Mawu ndi ochepa koma zithunzi zimafunika pa tsamba lililonse, za mitundu, pa pepala lolimba. Chithunzi chimodzi chabwino chimanditengera tsiku lathunthu kapena awiri. Osindikiza amayang'ana buku limene sukulu zigule mazanamazana, ndiye amathamangira mabuku a silabasi. Kholo nalo likakhala ndi ndalama yochepa limasankha buku la mayeso, chifukwa limaona ngati la nthano ndi masewera. Ndinajambulapo zithunzi za kabuku kena, wondituma anatenga ntchito osandilipira, ndipo kabukuko sikanatuluke. Kuyambira pamenepo ndimajambula zikwangwani za masitolo kuti ana adye. Koma mtima wanga uli ku mabuku a ana. Ndipo ndikuuzeni, mwana amazindikira msanga chithunzi cha kwawo. Ukajambula nkhokwe, mtondo ndi munsi, mayi atabereka mwana ndi chitenje, nkhuku ili pansi pa mtengo wa mango, amaloza n'kunena kuti "kwa agogo!"

Mlonda_wausiku:
Ine ndi mmodzi wa makolo amene mukunenawo. Ndinkaona ngati buku la nthano ndi kutaya ndalama. Ndasintha maganizo chifukwa mwana wanga wamkulu anafika Sitandade 4 akuwerenga mojejema, pamene wamng'ono amene ankabwereka timabuku kwa anansi anamupitirira.

Mfuzi_waNjuchi:
Awojambula, nkhani ya nsadzu ndikhoza kuifotokoza yonse momwe bambo ankachitira, kuyambira kuyatsa muuni wa udzu mpaka kusiya zisa pa tsamba. Kulemba mwa ana ndiye sindidziwa.

Aphunzitsi_Std1:
Kulembako ndisiyireni ine. Masamba 12 akwana. Koma dzina loti nsadzu ndi lovuta kwa Sitandade 1, ndiye likhale la Sitandade 2 kapena 3, kapena loti kholo liziwerengera mwana. Ndikuganiza kuti pakhale kamtsikana kotsagana ndi agogo ake kutchire. Ulendo woyamba kamtsikanako kadya uchi wonse osaisiyira mbalame. Mawa lake akuitana, mbalame siikubwera. Akuitananso, zii. Kenako kakubwerera ndi zisa kukapepesa.

Gogo_waLinthipe:
Muikemo nyimbo yoitanira mbalameyo, yoti ana azivomera. Nthano yopanda nyimbo ana saisunga.

Mbadwa_yaNsanje:
Ndipo pasakhale poonetsa mwana akufula njuchi yekha. Agogowo ndi amene agwire moto ndi nkhwangwa.

Mlimi_waKasungu:
Asagwetsenso mtengo, komanso azimitse moto akamaliza. Nkhalango zikutha.

Wojambula_waZingwangwa:
Ndavomera. Ndijambula zakuda ndi zoyera kuti aliyense athe kusindikiza motchipa, ana azipaka okha. Koma mbalameyo sindinaionepo ndi maso. Bambo a njuchi, mundifotokozere kukula kwake, mtundu wa nthenga ndi mmene imakhalira pa nthambi ikamaitana. Sindikufuna kujambula mpheta n'kuitcha nsadzu.

Mfuzi_waNjuchi:
Ndi yocheperapo kuposa njiwa, yotuwa moderako kumsana, pamimba poyererapo. Ikamauluka mumaona nthenga zoyera m'mbali mwa mchira, ndi zomwe timatsatira m'tchire. Yaimuna ili ndi pakhosi pakuda ndi kachigamba koyera patsaya. Sikhazikika, imalira ikusunthasuntha mpaka muinyamukire.

Mayi_waChirimba:
Ndabwerako anzanga. Dzulo ndinakopera timabuku tiwiri ta Chichewa momwe achimwene a ku Tembisa ananenera, ndinasindikiza ku Ginnery Corner n'kumenya sitepula. Kamodzi Chichewa chake chinali cholimba, ndinakonza mizere ina ndi cholembera monga anandilangizira aphunzitsi. Mwana wawerenga yekha liwu loti "galu" ndi loti "kalulu", anathamanga kukaonetsa bambo ake. Usiku ndinamuuzanso za nsadzu ndi kamtsikana kodya uchi wonse. Anakhala chete, kenako anandifunsa kuti mbalameyo inamukhululukira tsiku lomwelo kapena inadikira kaye. Ndinamuuza kuti ndikafunsa amene akulemba. Aphunzitsi, ndimuyankhe chiyani?

Aphunzitsi_Std1:
Mufunseni iyeyo kuti akanakhala mbalameyo akanadikira masiku angati. Chimene ayankhe mundiuze, ndichilemba pa tsamba 10.